Mankhwala a Makoswe m'Phala la Amuna Anga

Amuna anga anadwala khansa ya m'fupa la mwendo mwana wathu asanayambe kukwawa. Ndikufuna ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa anthu a m'malaini kuno ku esiteti akamakamba nkhaniyi amayambira pa phala, ngati kuti munthu anali bwinobwino akudulira tiyi, ine n'kungodzuka tsiku lina n'kumuthirira zinthu m'chakudya. Sizinali choncho. Bondo linali litatupa ngati dzungu, m'munsi mwake mwendo utauma, ndipo kuchipatala anali atatiuza kale kuti kudula sikungathandize chifukwa matenda afika m'chiuno. Anatipatsa botolo la madzi obiriwira, mofini, ndi kajakisoni kopanda singano koyezera n'kumawathira m'kamwa.

Poyamba madzi aja ankagwira ntchito mpaka ndinkachita nawo mantha. Munthu amene ankaluma chitenje changa mpaka kuchiboola, akangomwa, nkhope inkamasuka, n'kuyamba kundifunsa kuti ndani wakangana ndi akapitawo kumunda lero. Ine ndinkalawirira kukatchola tiyi, mwana n'kumusiya posungira ana, dengu kumsana, koma maso ali kunyumba. Anzanga akaima pamzere wa sikelo masana ine ndinkathamanga kudutsa m'tiyi kukawamwetsa, n'kubwerera ndikupuma ngati galu, akapitawo akungondiyang'ana. Ndinkati ngati moyo wake ndi umenewu, ndiutha.

Kenako madzi aja anayamba kufupika. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Nthawi yomwa isanakwane ululu unkakhala utafika kale, utakhala pamphasa ukundidikira. Anamwino anati tiwonjezere muyezo. Tinawonjezera, zinayenda, kenako zinabwereranso pomwe paja. Ndinayamba kukayikira aliyense. Ndinkaliika botolo padzuwa kuona ngati kuchipatala akuthiramo madzi a pampopi. Ndinkayeza, n'kubweza, n'kuyezanso, poti sukulu ndinalekeza ku pulayimale ndipo timizere ta pakajakisoni n'tating'ono. Ndinafika pokayikira mnzanga wa khomo loyandikana, amene ankawazonda ine ndili kumunda, kuti mwina akumwako. Mayi wosalakwa, ndinkamuyang'ana milomo.

Chiperoni chitayamba, kamvula kaja kosaleka ndi kuzizira kolowa m'mafupa, alamu anga anabwera kuchokera ku Chimaliro. Ndi mlongo wawo wamkulu wa amuna anga. Mayi awo atamwalira ndi iwo amene anawalera, kuwabereka kumsana popita kumunda, ndipo zimenezo sanalole kuti ndiziiwale ngakhale tsiku limodzi. Botolo linali litatsala pang'ono kutha, ndiye tinapita awiri kuchipatala, ine ndi alamu, mwana ali kumsana, wodwala titamusiya kunyumba poti njinga yamoto sakanaitha.

Tinapeza adokotala achinyamata, aulemu, okonda kulankhula. Ndinawauza zonse mothamanga ndisanakhale n'komwe pansi.

"Simunalakwitse chilichonse, mayi," anatero. "Thupi limazolowera mofini. Ndi mmene alili mankhwala amenewa. Komanso matenda akukula."

"Nanga likazolowereratu?"

"Tiziwonjezera. Musaope zimenezo. Koma ululu wa m'fupa umamvanso mankhwala ochepetsa kutupa, ndiye azimwa pamodzi ndi mofiniyo. Burufeni watithera mwezi uno, ndikupatsani mbale wake."

Akanalekera pomwepo. Mpaka lero ndimati akanatseka pakamwa pomwepo n'kuitana wina. Koma anaona kuti ndili ndi mantha, anafuna kundilimbitsa mtima, ndiye anapitiriza akumwetulira.

"Ndinawerengaponso kuti kunja akatswiri amayesa zimenezi pa makoswe. Amawapatsa mofini tsiku ndi tsiku mpaka makoswewo asiya kumumva. Koma amene amawapatsira limodzi ndi mankhwala a mtundu uno amachedwa kuzolowera. Pa anthu sitikudziwa bwinobwino. Komabe mwina atithandiza paziwiri."

Alamu ndinangowamva akukoka mpweya m'mphuno.

Pawindo lolandirira mankhwala anatipatsa botolo latsopano ndi kapepala ka pulasitiki. Alamu anakatsegula tisanatuluke pageti, n'kukhuthulira m'dzanja. Timakapisozi tachikasu. Tinayang'anana. Panalibe chofunsana, chifukwa m'malaini mulibe mkazi amene sadziwa indosidi.

Nyumba za m'malaini n'zolumikizana, denga limodzi, ndipo khoswe akalowa kwa wina ndiye kuti walowa kwa tonse. Amadya ufa, sopo, mabuku a ana, ngakhale zala za munthu wogona. Poizoni weniweni timamuopa chifukwa cha ana ndi nkhuku. Ndiye timagula indosidi kugolosale, kutsegula kapisozi, kuthira ufa wake pa tomato kapena pa mitu ya usipa, n'kuika kuseli kwa thumba. Khoswe safa pomwepo. Amayamba wafooka, mimba itatupa, n'kumatuluka masana dzuwa likuswa mtengo kufunafuna madzi, akuyenda ngati woledzera, osathawanso munthu. Ine ndi manja angawa ndinali nditapha ambiri. Ndikudziwa kuti pali abambo ena amene amamwa indosidi msana ukawavuta, koma kwathu sitinkamwa. Kwathu anali wa makoswe basi.

Ndinawasiya alamu pageti n'kubwerera ndikuthamanga, mwana akugundagunda kumsana. Ndinadutsa mzere wonse anthu akunditukwana, n'kulowa osagogoda.

"Adokotala, awa timaphera makoswe."

Anaseka pang'ono, kenako ataona nkhope yanga anasiya.

"Ndikudziwa, mayi. Amayi anganso amatero kumudzi."

Ankadziwa. Ankadziwa, koma n'kutchulabe makoswe pamaso pa mlongo wa wodwala, ngati akukamba za mpira. Ndinafuna kuwaponyera kapepalako kumaso. Iwo anafotokoza kuti khoswe ndi wochepa ngati dzanja, kapisozi yathunthu imamuboola matumbo, pomwe munthu ndi wamkulu. Anati makoswe a akatswiri aja amawapatsa pang'ono kwambiri, moyeza. Anati chachikulu asamwe m'mimba mulibe kanthu, ndipo ndikaona chimbudzi chakuda ngati phula, kapena akasanza magazi, ndisiye nthawi yomweyo ndibwere. Ndinawauza kuti abwereze. Anabwereza. Ndinatuluka ndikunena ndekha m'njira, chakudya kaye, chimbudzi chakuda, magazi, chakudya kaye.

Pobwerera alamu anayenda patsogolo, osacheuka, mpaka titalowa mumsewu wa m'tiyi mopanda anthu. Pamenepo anaima.

"Utaye."

"Alamu, adokotala anena kuti munthu ndi wamkulu."

"Munthu wake uti? Unawanyamulapo achimwene masiku ano? Atsala mafupa okhaokha, ndingawanyamule ndi dzanja limodzi. Wamva wekha pakamwa pawo, akuti pa anthu sakudziwa. Ndiye akufuna adziwire pa ife. Akaona kuti munthu sachira amatero amenewa, kuti asamawathere mankhwala."

"Ndikafunsa eni mwendo."

"Eni mwendo mutu wawo uli m'botolo. Ukafunsa chiyani?"

Titafika ndinagwada pamphasa n'kuwauza amuna anga zonse, osabisa kanthu, alamu ataima pakhomo. Anamvetsera maso ali kudenga, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira. Kenako anaseka, kuseka kouma.

"Ndiye ndakwezedwa pantchito. Kuchoka pa wodulira tiyi kufika pa khoswe wa azungu. Makoswe akewo amawapatsa nyumba?"

"Achimwene, si zoseka izi," anatero alamu.

"Mayi a mwana, unafunsa kuti amadziwa bwanji kuti khoswe akumva kuwawa? Amamufunsa m'Chingerezi?"

Ndinati sindinafunse. Anati ndiwapatse imodzi ayese, sangafe kawiri. Ndinadzuka kuti ndikatenge chakudya, ndipo m'kanthawi komweko alamu anatola kapepala kaja pamphasa n'kutuluka. Ndinawatsatira ndikuwaitana, alamu, alamu, koma iwo anayenda osathamanga n'komwe mpaka kuchimbudzi cha kuseli kwa laini, n'kuponya m'dzenje ine ndikuona. Potuluka anapukuta manja pachitenje.

"Sindibwereranso ku Chimaliro," anatero. "Ndaona kuti pano pakufunika munthu wamkulu."

Anakhaladi. Anayala mphasa yawo pafupi ndi khomo la kuchipinda, ndipo chilichonse cholowa m'kamwa mwa mchimwene wawo chinkadutsa m'maso mwawo. Madzi obiriwira okha ndi amene ankawalola, poti anawapeza kale. Ndinagula burufeni kugolosale ndikuganiza kuti ameneyo savuta, poti aliyense amamwa. Anamutembenuza m'dzanja n'kunena kuti, "Si uja anati ndi mbale wake? Wangosintha malaya." Nayenso anapita kudzenje.

Masiku amene anatsatira sindifuna kuwakumbukira, koma ndi amene ndimawakumbukira kwambiri. Muyezo watsopano wa mofini unathandiza pang'ono, koma fupa silinamve. Munthu sankatha kutembenuka. Bulangete likakhudza bondo ankalira ngati mbuzi yomangidwa miyendo, ndipo mwana akamva bambo ake akutero nayenso ankayamba, ine pakati, wina uku wina uku, alamu akuimba nyimbo za kutchalitchi mokweza kuti anthu a khomo linalo asamve. Nthabwala zinatha. Anasiya kufunsa za kumunda. Ndikabwera masana ndinkawapeza akuyang'ana botolo pawindo ngati mwana woyang'ana bere. Kumunda ndinkatchola masamba okhwima osazindikira, akalaliki a pasikelo n'kumandibweza kuti ndikasankhe, ine n'kumasankha misozi ikugwera m'dengu, mtima ukuwira. Ndinkakwiyira alamu. Ndinkakwiyira adokotala ndi pakamwa pawo. Ndinkakwiyira ngakhale anthu akunja aja amene sindidzawaona, okhala ndi makoswe awo m'nyumba zoyera, amene anapeza zoti apeze n'kulekera pa makoswe pomwepo, osafika pa munthu, kuti adokotala athe kunena molimba kuti mayi, izi n'zoona, musaope.

Tsiku lina ndikuwasambitsa, alamu atapita kukatunga madzi, amuna anga anandigwira dzanja. Mphamvu analibe koma zikhadabo zinalowa.

"Ubwerere kuchipatala."

"Alamu akadziwa andipha."

"Ine ndiye ndikufa kale, mayi a mwana. Koma ndisafe chonchi. Mwanayu azidzandikumbukira ndikulira?"

Mwana wake anali wosadziwa kanthu, sakanakumbukira chilichonse. Koma sindinawatsutse. M'mawa mwake ndinatuluka ndi dengu ngati ndikupita kumunda, n'kulisiya kwa mnzanga uja ndinkamukayikira milomo, ndipo sanandifunse kanthu. Kuchipatala ndinapeza adokotala omwe aja. Ndinawauza zimene mawu awo anachita m'nyumba mwanga. Anagwira kumutu, anapepesa, anandipatsa makapisozi ena. Ndinawapempha kuti abwere ku esiteti adzalankhule ndi alamu okha. Anandilozera mzere wa panja, wofika mpaka kumtengo. Anati ndibwere nawo alamuwo. Ndinaseka. Ndikuganiza kuti kanali koyamba kuseka pamaso pa munthu wophunzira, ndipo sikunali kuseka kwabwino.

Makapisozi ndinawabisa m'thumba la epuloni yanga yotcholera tiyi, imene ndinkaipachika pamsomali wam'mwamba pomwe mwana sangafike. Vuto linali kamwetsedwe. Alamu ankakhala pompo nthawi iliyonse yomwa mankhwala, akuyang'ana zala zanga. Malo okhawo amene ndinkakhala ndekha anali kukhitchini kuseli, pophika phala la wodwala, chifukwa utsi unkawapweteka alamu m'maso.

Ndiye ndinachita zimene manja anga ankadziwa kale. Ndinapotokola kapisozi, mbali iyi ndi mbali iyo, n'kugogoda ndi chala kuti ufa wonse ugwe, n'kutakasa. Ndendende mmene ndinkachitira pa tomato. Manja sanakayike ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho ndi chimene chinandidwalitsa. Ndinaika mbale pansi n'kukasanza kuseli kwa nkhuni. Kenako ndinatsuka m'kamwa, kuthira shuga wambiri kuti kuwawa kusamveke, kukwirira zikhokho za kapisozi m'phulusa, n'kulowa nalo phala ndikumwetulira, kuwapatsa moni alamu. Amuna anga analawa supuni yoyamba, anandiyang'ana, n'kudya lonse mpaka kupala mbale.

Mankhwala ochokera kuchipatala, olembedwa ndi dokotala, ofunidwa ndi mwini wake wodwala, ine mkazi wake kumawapereka mobisa ngati mfiti. Pamenepo ndi pamene mtima wanga umatenthera mpaka pano.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka maso okhaokha. Chidebe chimene ankadzithandiziramo ndinkatuluka nacho ndekha, osalola alamu, n'kukachiyang'ana padzuwa ndi kamtengo kuona mtundu wake. Powasambitsa ndinkawadina pamimba ngati mwangozi. Ndinkawayang'ana m'zikope, m'kamwa, m'malovu amene alavula. Akangoti, "Ndipatseko madzi," ndinkangoona m'maganizo makoswe aja akukwawira kumjigo. Ndinkawapatsa madziwo, iwo n'kunong'ona kuti, "Ndi ludzu wamba ili, usatuluke maso." Ndinali wokonzeka kusiya tsiku lililonse. Chakuda sichinaoneke. Magazi sanaoneke.

Ndipo fupa linayamba kumva. Chotupa sichinaphwe, ayi, koma munthu anayamba kutembenuka yekha. Madzi obiriwira ankafika nthawi yake, nthawi zina mpaka ine kuwakumbutsa kuti tiyeni mumwe. Anafunsa za kumunda. Anapempha wailesi. Alamu anayamba kuuza aliyense wobwera kudzazonda kuti ndi mapemphero awo ndi masamba amene ankawamata pabondo. "Mwaona," ankatero, "akanamwa za makoswe zija bwenzi titaika kale." Ine ndili pomwepo, ndikusenda nyemba, kuluma lilime mpaka kulawa magazi.

Lamulungu lina kunacha dzuwa chiperoni chitaleka, ndipo amuna anga anati akufuna akhale pakhonde. Tinawanyamula ndi alamu, wina uku wina uku, n'kuwatsamiritsa kukhoma, mwendo wodwala uli pa pilo. Ndinawapatsa phala lawo n'kupita pambali kukachapa matewera. Mwana anali atayamba kukwawa masiku omwewo. Sindinamuone akuchoka pomwe ndinamukhazika. Nditatukula mutu anali atafika kale, atagwira mwendo wabwino wa bambo ake, atayasamula kukamwa ngati kamwana ka mbalame. Ndipo bambo ake, poti anali atamva bwino kwa nthawi yoyamba, poti ndi mmene ankachitira kale asanagone pansi, anaiwala. Anatapa phala, kuuzira, n'kutambasula dzanja.

Sindikudziwa kuti ndinadumpha bwanji beseni. Ndinamenya supuni ija mpaka inakagwera m'ngalande, ndinamukoka mwana ndi mkono umodzi, n'kumupisa chala m'kamwa ngakhale ndinaona kuti sanalawe. Mwana anakuwa. Ine ndinkangomupukuta milomo ndi chitenje, kupukuta, kupukuta.

Nditacheuka ndinapeza alamu ataima pakhomo, chipeso chili m'manja.

"Bwanji mwana asadye chimene akudya bambo ake?"

"Likutentha, alamu."

"Likutentha." Anawerama n'kuviika chala m'mbale. "Lazizira ili."

Anaweramuka. Anapita molunjika kukhitchini, ndinawamva akufukula phulusa ndi chikuni, ndipo anabwera atatambasula dzanja, zikhokho zachikasu zili pamenepo, zina zopsa mbali imodzi. Inali nthawi imene anthu amachokera kutchalitchi. Anayamba kuima mmodzimmodzi, Mabaibulo ali kukhwapa, azimayi amene ndimatchola nawo mzere umodzi, amuna awo, ana.

"Bwerani mudzaone," anatero alamu, mawu ali pansipansi koma omveka mpaka kumapeto kwa laini. "Mwana wake wamutchinga. Wa mayi anga ndiye akumudyetsa. Mtsikana iwe, unatopa kuchapa? Ukanangonena, ndikanamutenga."

Mawu amenewo anandilowa ngati mpeni wodulira tiyi. Ndinayamba kulankhula, ndipo sindikumbukira zonse. Ndikudziwa kuti ndinawatchula alamu kuti iwe, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinati mwana ndi wochepa, n'chifukwa chake, wochepa ngati khoswe yemweyo, ndipo mankhwala a munthu wamkulu sapatsa khanda ngakhale atakhala panado. Ndinati unali kuti pamene ankaluma chitenje, unali kuti pamene ndinkathamanga m'tiyi, iwe umadziwa kuimba basi, kuimba kuti anthu asamve. Ndinati masamba ako sanachite kanthu, ndi ine, ndi phala langali. Ndikulankhula choncho ndinkaona nkhope za anzanga, ndipo ndinaona kuti mawu oti phala langali awatenga mwa njira yawo. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo.

"Mayi a mwana." Anali amuna anga. Sanakweze mawu, analibe oti akweze, koma anthu anakhala chete kuti amve. "Katenge kapepala kaja."

Ndinakatenga mu epuloni. Anatulutsa kapisozi imodzi n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aione.

"Ndine ndinamutuma. Amene akufuna mlandu ayambe ndi ine, ndili pompano, sindithawa." Ena anaseka pang'ono n'kudzigwira pakamwa. "Achemwali, munandibereka kumsana, sindikukana, ndipo Mulungu akudziwa. Koma mwendo uwu simuumva inu. Ndimaumva ndine."

"Achimwene, akupusitsani. Mutu wanu suli bwino."

"Mutu uli bwino kuposa mwendo."

Ndinafuna kuwaletsa, chifukwa m'phala munali kale ina ndipo anali atadya theka. Ndinawanong'oneza. Anagwedeza mutu, anakankhira mbale ija kumbali, n'kupempha mbatata yophika imene inali m'poto. Anadya mbatatayo pang'onopang'ono anthu onse akuonerera, kenako anaika kapisozi palilime, kumwera madzi, n'kutsegula kukamwa kuti aone kuti yapita.

"Mawa mudzere kuno popita kumunda," anatero. "Mudzaone ngati ndakwawira kumjigo."

Tsiku lonselo sindinachoke pambali pawo. Kapisozi ndi theka, ndinkangowerengera m'mutu, ndikuwadina pamimba poyera tsopano, iwo akundikankha dzanja. Madzulo ake sindinawapatse ina. M'mawa anthu anadzeradi pakhomo pathu, ngakhale amene njira yawo ya kumunda ili kwina, akuyenda pang'onopang'ono, makosi atapindika. Anawapeza ali pakhonde akumeta ndevu pa kagalasi, akupereka moni kwa aliyense pomutchula udindo wake.

Alamu anamanga katundu wawo tsiku lomwelo. Anatsanzikana ndi mchimwene wawo akulira, ndipo kulirako kunali koona, sindinama. Kwa ine anangoti, "Akamwalira ndidzanena pamanda." Ndipo ananenadi.

Amuna anga anamwalira mvula itagwa, tiyi ataphukira, nthawi imene ntchito imachuluka mpaka munthu osaona dzuwa. Kuchokera Lamulungu lija ndinkawapatsa kapisozi m'dzanja, chitseko chili chotsegula, atadya kaye. Mofini tinawonjezerabe, kangapo. Atafika poti chakudya sichikulowanso ndinasiya makapisozi ndekha, monga anandiuzira adokotala, n'kutsala ndi madzi obiriwira okha mpaka mapeto. Chakuda sindinachione ngakhale tsiku limodzi. Ndikunena zimenezi chifukwa pamaliro alamu anaimirira pakati pa azimayi n'kunena m'Chilomwe, kuti akuluakulu amve bwino, kuti mchimwene wawo anadyetsedwa za makoswe. Ine ndinali pansi, mwana ali pamiyendo, mutu wophimbidwa, ndipo wamasiye salankhula.

Pokabweza botolo lotsala kuchipatala ndinawafunsa adokotala aja ngati makapisozi anachedwetsadi thupi kuzolowera, monga makoswe awo, kapena anangothandiza fupa basi. Anati sangadziwe. Anati pa munthu mmodzi n'zosatheka kudziwa. Ndinawayang'ana nthawi yaitali mpaka anayamba kusuntha mapepala a patebulo pawo.

Ndikadali m'laini momwemo, ndikutcholabe tiyi. Ena anaiwala, ena ayi. Pakakhala maliro kapena chinkhoswe amandipatsa ntchito yotunga madzi ndi kutola nkhuni, kumiphika sandiitana. Mwana wanga akatuluka ndi chigumu n'kugawira anzake, pali amayi awiri amene amawalanda ana awo n'kutaya kutchire, akuganiza kuti sindikuona. Ndimaona. Ndimaona zonse.

Koma chimene chimandidzutsa mtima si chimenecho. Ndi masiku aja apakati, kuchokera pamene kapepala koyamba kanagwera m'dzenje kufika pamene ndinabwerera kuchipatala. Munthu anali ndi masiku ochepa otsala, aliyense ankadziwa, ndipo amenewo anawathera akulira pamphasa, mankhwala ake ali pansi pa chimbudzi. Alamu anatumiza uthenga chaka chatha kuti akufuna kuona mwana wa mchimwene wawo, akuti zakale zithe. Ndinawayankha kuti njira ya ku esiteti akuidziwa, abwere, mwana amuona. Koma adzayambe aima pakhonde lomwe lija, nthawi yochokera kutchalitchi anthu ali pompo, n'kunena chimene chinapha mchimwene wawo. Mpaka pano sanabwere.